Chimanga cha Pawindo

Pawindo la kukhitchini, m'nyumba yathu yosanja kuno ku Glasgow, pali chitini chakale cha mkaka wa ufa chomwe ana anga adadzalamo chimanga. Tidaponyamo njere zitatu, monga ndidaphunzirira ine paphando lililonse ndili mtsikana, koma tidayamba tadikira mpaka tsiku lomwe amayi adaimba foni kunena kuti mvula yodzalira yagwa ku Dedza. Kunali kumapeto kwa Novembala. Zidamera ziwiri. Lero zatalika kuposa chikhatho changa, koma n'zoonda, zotumbuluka, ndipo zonse zawerama kutsamira galasi, kufunafuna dzuwa lomwe kunjako kulibe. Ine ndikudziwa kuti sizidzamasula ngayaye, sizidzabereka n'komwe. Anawo sindinawauze.

M'mawa uliwonse wachisamba wanga, mnyamata wa zaka 10, amatenga rula n'kuyeza, mlongo wake wa zaka 7 n'kulemba m'kope. Tsamba lake adaligawa pawiri. Mbali imodzi ndi ya chimanga cha pawindo, m'masentimita. Mbali inayo ndi ya chimanga cha agogo, ndipo agogo sayeza ndi rula. Iwo amangoti chabisa akakolo, kenako chafika m'msongolo, ndipo takhala tikuyembekeza tsiku lomwe adzati chili m'mawondo. Ndiye anawo amandiimika pakati pa khitchini n'kumandiyeza mwendo, poti adamva kuti ine ndi agogo awo ndife a msinkhu umodzi. Amenewa ndiwo masamu athu a mwezi uno.

Disembala wa kuno ndi wamdima. Dzuwa limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, 4 koloko isanakwane lalowa kale, ndipo pakati apo nthawi zambiri silioneka, limangoyeretsa mitambo. Ndikadzuka 6 koloko kuti nditereke phala, kunja kumakhala bii ngati pakati pa usiku, nyale za mumsewu zikuyaka. Kwathu nthawi imakhala ili patsogolo ndi maola awiri. Ndimayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuwerenga mumtima: 8 koloko, amayi apalira kale mizere ingapo, mame auma, aweramuka kuti amangenso chitenje ndi kuyang'ana mitambo ya kuphiri. Thupi langa lili kuno chaka chachisanu, koma likuwerengabe miyezi ndi khasu.

Kuphunzitsa ana kunyumba sindidakuganizirepo pobwera. Mnyamatayu adayamba pasukulu yapafupi ngati mwana wina aliyense, ndipo aphunzitsi ake sindingawanenere choipa. Kungoti mwana adayamba kuzilala ngati moto wa zitsononkho. Iye amene kwathu ankalongolola mpaka azakhali ake kumuthamangitsa pamtondo, adangoti zii. M'mawa uliwonse m'mimba mukupweteka. Tsiku lina tikuyandikira geti la sukulu adandigwira mkono n'kunong'ona kuti ndisamuyankhule Chichewa anzake akumva. Mawu amenewo adandilasa, ndipo sadazukebe. Komanso bambo ake ndi namwino wa usiku: akamabwera m'mawa ana akutuluka, akamadzuka madzulo ana akusinza. Tinkakhala nyumba imodzi ngati anthu okumana padepoti.

Lamulo la maphunziro la ku Scotland la 1980 limaika udindo pa kholo kuti mwana aphunzire, kaya pomutumiza kusukulu kaya mwa njira ina. Koma mwana akakhala kuti adayamba kale pasukulu ya boma, sungangomuchotsa ndi kalata monga zimakhalira ku England. Uyenera kupempha chilolezo kukhonsolo ndi kufotokoza mmene udzamuphunzitsire. Ndidalemba masamba atatu, usiku, bambo ali kuntchito. Ndidafotokoza kuti kwathu ndidali mphunzitsi wa Sitandade 3, wa ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena pansi, ena pawindo. Patapita masabata angapo yankho lidabwera lovomera.

Chovuta sichidali khonsolo. Chovuta chidali kuuza amayi.

Amayi adalekezera Sitandade 2. Agogo anga aamuna adali ndi ndalama ya fizi ya mwana mmodzi, ndipo idapita kwa amalume. Ine ndemwe ndidalowa sukulu mu 1994, ndili ndi zaka 8, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chaka chimenecho ana a sukulu m'dziko lonse adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ine ndidali mmodzi mwa khamu lomwe lidasefukira pansi pa mitengo. Zilembo zanga zoyamba ndidazilemba ndi chala pafumbi. Mvula ikabwera tinkathawira pakhonde la tchalitchi. Amayi ankandiperekeza mpaka pamlatho ngakhale panali pafupi, kungofuna kuona ndi maso awo kuti mwana wawo akulowadi pomwe iwo adakanizidwa. Munthu wotere ukamuuza kuti wachotsa mdzukulu wake pasukulu ya ku Ulaya, ya madesiki ndi magetsi ndi chakudya cha masana, ayankha chiyani?

Adakhala chete mpaka ndidaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako adati: "Mwana wanga, anzako kuno akulirira sukulu, iwe ukutulutsamo mwana? Kapena walodzedwa?" Ndidayesa kufotokoza. Sadamve, ndipo sindiwaweruza. Kwa masabata awiri tinkangokamba za mbuzi ndi za maliro a m'mudzi. Tsiku lina, tikutsanzikana, adangoti: "Ngati watsimikiza kuwaphunzitsa wekha, uwaphunzitsenso kupereka moni. Ulendo uja adandipatsa moni ataimirira, dzanja lina lili m'thumba." Ndidadziwa kuti andimasula.

Kuyambira pamenepo agogo adakhala mphunzitsi mnzanga. Lachisanu lililonse madzulo achimwene amapita nayo foni kwa amayi, amaiimika pampando wa ndalema pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, ndipo ana anga amakhala pansi pakapeti. Amayi akati "Padangokhala," awiriwo amavomera "Tili tonse," mawu awo atapindika pang'ono ndi kayankhulidwe ka kuno. Kalulu amamudziwa tsopano, fisi amamuseka, fulu amamumvera chisoni. Chithunzi chikaima, kalulu ali m'kamwa mwa ng'ona, amakhala duu kudikira kuti netiweki ibwerere. Sabata yonse sindimaona nkhope zawo zili tcheru chomwecho.

Masiku enawo sukulu yathu ndi tebulo lodyera. Bambo akafika cha m'ma 8 koloko, maso ali psuu, timadya phala tonse anayi, ndipo ichi chokha ndimachiwerenga ngati malipiro anga. Akakagona timayenda monyang'ama. Kuwerenga Chingerezi, masamu, kulemba, mpaka masana. Phada amatithandiza kuwerengetsa. Miyala yake tidatola m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Lachiwiri timapita kulaibulale, komwe mwana amabwereka mabuku ambiri kuposa omwe sukulu yanga yonse idali nawo, osalipira kanthu. Nthawi zina timakaswera ku Kelvingrove, nyumba yosungiramo zakale yolowa ulere. Lachitatu timakumana ndi mabanja ena ophunzitsa ana kunyumba muholo ya tchalitchi china, ndipo kumeneko mnyamata wanga wapeza mnzake, wayambanso kulongolola.

Chichewa timachita dzuwa likapendeka, ngati lilipo. Mabuku a ana a m'chinenero chathu ndili nawo atatu okha, othetheka, choncho timawerenganso Buku Lopatulika lomwe adandisiyira malemu bambo anga. Ndi lija lidatuluka koyamba mu 1922, ntchito yomwe adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Achidatchi. La bambo ndi la kalembedwe kakale, kolemba "c" pomwe ife timalemba "ch", ndiye mtsikana wanga amadodoma akaona "cinthu" ndi "cifukwa". M'mbali mwa masamba muli madontho a sera ya kandulo ndi mizere ya pensulo ya bambo. Maliro awo ndidawaonera pafoni. Mwana akamayendetsa chala pamzere womwe agogo ake adaudula kunsi, ndimayang'ana kumbali.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindidachilembe m'kalata ya kukhonsolo, chifukwa nthawi imeneyo ndidali ndisanachione. Ine sindidaphunzitsidwe ndi sukulu yokha, ngakhale ndi amayi okha. Kusenza ndowa osagwirira adandiphunzitsa ndi achemwali a kuseri kwa nyumba yathu. Kupeta palichero, agogo aakazi. Kudziwa kuti mitambo iyi ndi ya mvula, iyo ndi yongodutsa, adandiuza ndi nkhalamba ina yomwe sitidali nayo pachibale. Ukalakwa panjira, mayi aliyense ankakudzudzula pomwepo, ndipo ukafika kunyumba nkhani idafika kale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe sudali mwambi wongolemba pamayeso. Kuno ndatsala ndekha kukhala mphunzitsi, azakhali, agogo ndi mudzi wonse, m'zipinda zitatu. Anansi athu ndi anthu abwino. Sabata ino atilowetsera makadi a Khirisimasi pakhomo, aliyense atalemba dzina lake ndi nambala ya nyumba. Koma zaka zinayi tikupatsana moni pamasitepe, palibe amene adalowapo m'khitchini mwa mnzake kudzapala moto kapena kupempha mchere.

Ndipo pali mawu omwe ndimaphunzitsa opanda zinthu zake. Awa ndiwo amandipweteka kwambiri mwezi uno.

Sabata yatha amayi adauza ana kuti ngumbi zatuluka. Foni itatsekedwa mtsikana adafunsa: "Amayi, ngumbi n'chiyani?" Ndidayamba ndi chulu. "Nanga chulu n'chiyani?" Ndidatsegula kompyuta, ndidamuonetsa zithunzi, ndidamufotokozera za chiswe, za mfumukazi yake yokhala pansi penipeni, za zamapiko zomwe zimatuluka mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka kuti zikayambe midzi yatsopano. Adajambula bwino kwambiri, mapiko anayi oonekera. Adalemba "ngumbi" osalakwitsa. Koma ine ndimafuna kumupatsa zina: madzulo a chinyontho, ife ana titanyamula nyali ndi beseni la madzi, kukuwa kwa mudzi wonse, mapiko kumamatira kumaso ndi m'tsitsi, mawa lake agogo akukazinga m'phale popanda mafuta poti mafuta zili nawo okha, kachipande ka mchere, fungo lija lofika mpaka kumanda kwa nyau. Zimenezo sizilowa m'kope. Mwana wanga akudziwa ngumbi monga ine ndinkadziwira chipale chofewa ndili Sitandade 6: mawu oti ukhoze nawo mayeso.

Bowa n'chimodzimodzi. Nthawi ino kwathu azimayi amalawirira kunkhalango za misuku ndi mitondo, n'kubwerako ndi malichero a utale, ndelema ndi manyame ofiirira aja, ena n'kukaima nawo m'mbali mwa msewu wa M1 kudikira magalimoto. Kusiyanitsa wodya ndi wakupha sungakuphunzire pachithunzi. Umayenda kumbuyo kwa wamkulu zaka zingapo, iye akukumenya padzanja ukafuna kuzula wolakwika. Mango a maboloma, a kalisere, kudya mpaka m'milomo kutuluka zilonda. Ngakhale mvula yeniyeniyo. Kuno imagwa pafupifupi tsiku lililonse, koma ndi chiperoni chosatha, chowaza mwakachetechete, chopanda bingu, chopanda fungo. Ndiwauza bwanji za chizimalupsa, mvula ija imagwa palupsa dziko litauma gwaa, dothi n'kutulutsa fungo loti ngakhale munthu wamkulu amalakalaka kulinyambita? Ndiwauza bwanji za mkokomo wa mvula padenga la malata, woti muli m'nyumba imodzi koma simukumvana, mungoyang'anana n'kumaseka?

Mwezi wathawu ndidawatenga pasitima kuchoka ku Glasgow Central kupita ku Blantyre. Ulendo wake ndi waufupi, sufika theka la ola. Ndidaima papulatifomu kuyang'ana chikwangwani cha dzinalo nthawi yaitali, mphepo ikundibaya m'makutu. Palibe Ndirande, palibe Soche, palibe minibasi yoitanira ku Limbe. Ndi katauni kachete m'mbali mwa Clyde, komwe David Livingstone adabadwira mu 1813, m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito a fakitale ya thonje yotchedwa Shuttle Row. Amishoni a mpingo wa Church of Scotland atafika kwathu mu 1876 adatcha malo awo dzina la kwawo kwa iye, ndipo mzinda wathu udakulira pamenepo mpaka kuposa mwini dzina kutalitali. Mnyamata wanga adakopeka ndi chosema cha mkango ukumbwandira Livingstone, ndiponso ndi nkhani yoti adayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10, msinkhu wake womwewu, akuwerenga buku ataliimika pamakina opotera ulusi.

Ine mtima wanga udapita kwa anthu ena. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adanyamula mtembo miyezi yambiri mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Chaka chotsatira awiriwo adafika kuno ku Britain. Chuma adali Myao, wa kufupi ndi kwathu. Ndidaima pachithunzi chawo n'kumadzifunsa: kodi ankadya chiyani? Adapeza ndani woti ayankhule naye chinenero cha amayi ake? Mvula ya kuno ikamawaza, ankakumbuka munda wa yani? Tidabwerera mdima utagwa kale, ana akugona pamapewa anga, 5 koloko isanakwane.

Tsopano Khirisimasi yayandikira, ndipo ndikukonzekera ziwiri nthawi imodzi.

Ya kumudzi imayamba ndi fetereza. Amayi satchula mpunga kapena shuga thumba lobereketsa lisanapezeke, pakuti Khirisimasi ndi tsiku limodzi koma njala ndi miyezi. Anthu a kuno akamva kuti kwathu Khirisimasi imagwa m'dzinja, kobiriwira, amaganiza za madyerero. Sadziwa kuti ndi nthawi yomwe nkhokwe zambiri zayamba kulira, chimanga pamsika chakwera, ena akudya kamodzi patsiku n'kumakagwira ganyu m'minda ya anzawo yawo ikumera udzu. Kukumbuka kwathu sikundichititsa khungu pa zimenezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapaundi anga adayamba kubala makwacha ambiri pafoni, koma pofika kusitolo achimwene ankapeza mitengo itathamanga kale patsogolo. Ndimatumiza bambo a anawa akangolandira, achimwene amakatapa kwa ejenti paboma, ndipo madzulo amanditumizira chithunzi cha thumba litatsamira khoma. Ndikaliona ndimagona tulo.

Zikatero ndiye timakamba zokoma. Tambala wa Khirisimasi amayi adamusankha kale mu Ogasiti, ndipo ana a achimwene akudziwa kuti ameneyo saponyedwa mwala. Mpunga ukhale wa Kilombero wa ku Karonga, uja umanunkhira mpaka kwa aneba ukamabwadamuka. Buledi, majarini, mkaka wa mutiyi, botolo la Sobo, ndi Fanta mmodzimmodzi wa ana. Nsalu zili kale kwa atelala pakhonde la golosale, omwe mwezi uno amapalasa makina mpaka usiku ndi nyali, aliyense akumulonjeza kuti mawa. Masiku awiri Khirisimasi isanafike amayi adzazira nyumba ndi dothi lakuda la kudambo, n'kutsutsuta ndi mwala mpaka pansi padzawale, ndipo palibe mwana adzaloledwe kuponda mpaka pataumiratu.

Usiku wa pa 24 kutchalitchi kwathu, kwa CCAP ya sinodi ya Nkhoma, achinyamata amachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Abusa a nkhosa amafunda mabulangete a makolo awo, angelo amavala nsalu zoyera zobwereka kwa amayi a Chigwirizano, ndipo aliyense amadikira Herode, yemwe amalowa ndi jekete lalikulu ndi ukali woti ana aang'ono amabisala m'zitenje. Ine ndidakhalapo mngelo kawiri. Kukacha, ana ovala zatsopano, nsapato zikuwaluma, amayendayenda m'makomo kupempha Khirisimasi bokosi, ndipo ngakhale wosauka amapeza kasiwiti kapena chitumbuwa choti apereke.

Ya kuno imayamba m'masitolo mu Okutobala. Pofika Disembala msewu wa Buchanan umakhala nyale zokhazokha, anthu akuthamanga ndi majumbo, nyimbo zomwezomwezo pakhomo lililonse. N'kokongola, sindikana, makamaka mumdima wotere. Ndamvetsa chifukwa chake anthu a dziko lozizira amakonda kuyatsa nyale zambiri mwezi uno. Gogo wina wa kutchalitchi komwe timapemphera adandiuza kuti ali mwana bambo ake ankapita kuntchito pa Khirisimasi ngati tsiku wamba, pakuti ku Scotland tsikuli lidakhala tchuthi cha boma mu 1958. Chikondwerero chawo chachikulu chidali Hogmanay, usiku wolowera chaka chatsopano. Ndidamukonda gogoyo chifukwa cha nkhani imeneyo. Nayenso akukumbuka Khirisimasi ya lalanje limodzi m'sokosi.

Ana anga ali ndi kalendala ya timazenera 24, kalikonse ndi kachokoleti kake, ndipo kamtengo ka pulasitiki tidakaimika pakona. Sindiwamana za dziko lomwe akukuliramo. Koma tidapangana kuti mphatso ikhala imodzi kwa aliyense, kuphatikiza zovala zatsopano zoti adzavale m'mawa wa tsikulo, osati kale. Mtsikana ndikumusokera diresi pamanja, kuchokera pachitenje chomwe amayi adandikulungira m'chikwama tsiku lonyamuka pabwalo la ndege la Kamuzu. Ndidachisunga zaka zonsezi osachidula. Usiku womwe ndidalowetsa sizasi ndidayamba ndachinunkhiza, ngati mwina utsi wa kukhitchini kwa amayi udakalimo. Mudalibe.

Nkhuku ya m'masitolo akuluakulu ndi yofewa ngati buledi, ikangowira pang'ono yasweka. Ya msuzi weniweni timakaigula kubutchala ya Asilamu kumwera kwa mzinda, nkhuku yokalamba yoikira mazira, yolimba, yofuna maola awiri pamoto. Imayandikira ya chikuda. Ufa ndi wa ku South Africa, wa m'mapaketi, woyera bwino koma wopanda kafungo kaja ka mphale yonyikidwa. Nkhwani kulibe. Ndimatendera masamba a kuno otchedwa "kale" ndi nsinjiro zomwe ndimapera pamakina, ndipo ndikatseka maso zimafika pafupi. Mthiko ndi chipande ndi za kwathu. Zimenezo sindikadakwera ndege popanda izo.

Chaka chino ndili ndi chuma china. Mayi wina wa m'gulu lathu la Amalawi adapita kumaliro ku Lilongwe, ndipo pobwera adanditengera kajumbo ka chimera cha mawere. Dzulo masana sukulu idali thobwa. Mnyamata adayeza madzi ndi ufa wa mgaiwa, adatakasa phala mpaka mkono kutopa. Tidaliphula, tidadikira kuti lizizire kufika poti chala chipirire, ndipo mtsikana adathira chimera. Adaona ndi maso awo phala lolimba likusungunuka n'kukhala madzimadzi, ndipo ndidawafotokozera kuti mbewu ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, kuti kamera kadye. N'chifukwa chake thobwa limatsekemera lisanathiridwe kanthu. Mnyamata adalemba zonse. Mphika tidauvundikira n'kuuika pafupi ndi chitsulo chotenthetsa nyumba, poti kuno kulibe pamoto pomwe ungagone ndi kufunda. Lero tiuwiritsanso. Pa 25 tidzaitana mabanja awiri a kwathu ndi gogo uja wa kutchalitchi. Bambo adzadya nafe masana, adzagona pang'ono, 7 koloko adzavala yunifolomu. Odwala sadziwa Khirisimasi.

Kupita kwathu tidawerengera mu Juni. Matikiti anayi a Disembala, kudzera ku Addis Ababa, ndi ndalama yomweyo yomwe ingagule fetereza, kulipira fizi ya mwana wa achimwene ku sekondale, ndi kufolera khitchini ya amayi yomwe ikudontha. Amayi ndiwo adagamula. "Mukabwera mudzadya nkhuku tsiku limodzi n'kundisiya ndi denga lomwelo. Khalani. Ine sindikupita kulikonse." Mawu otsirizawo adawanena mwamphamvu, koma ali ndi zaka zoposa 70, ndipo malemu bambo anga nawonso ankatero.

Lero m'mawa foni inalira tisanayambe masamu. Sinali nthawi yake. Mtima unagunda, monga umachitira kwa aliyense wokhala kutali foni ya kumudzi ikalira mosayembekezera. Anali achimwene, akuseka, ali kumunda. Anatembenuza foni ndipo tinaona amayi ataima pakati pa mizere, khasu paphewa, chimanga chabiriwira bii mbali zonse, kumbuyo kwawo phiri la Dedza litafunda mtambo wakuda. Ana anga anagwada pakapeti, osauzidwa, manja pamodzi.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu ana anga? Taonani, chafika m'mawondo. Nanga chanu?"

"Chathu chili pa masentimita 19," anatero mnyamata. Amayi anafunsa kuti ndiye kuti pati. Iye anandikokera pafupi ndi foni n'kuloza pamwendo wanga, pamwamba pa akakolo pang'ono. Amayi anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira mlimi poona munda wa mnzake, n'kunena kuti asaleke kuthirira.

Kenako mphepo inayamba kugwedeza masamba, chithunzi chinadzaza thambo ndi mapazi othamanga. Anathawira m'khitchini ya achimwene yofolera malata. Mtsikana wanga anafunsa kuti phokosolo n'chiyani. Ndinati, amalume ako akweze foni m'mwamba. Achimwene anaikweza kufupi ndi denga, ndipo mvula ya ku Dedza inalowa m'khitchini mwathu, yonse, ndi bingu lake. Palibe anayankhula. Bambo anatuluka kuchipinda ndi bulangete paphewa n'kuima pakhomo. Tinamvetsera mwina mphindi ziwiri, netiweki n'kuduka.

Mtsikana anatenga pensulo, kumbali ya agogo analemba "m'mawondo". Atatero anakwera pampando, anagwira chitini ndi manja awiri, n'kuchitembenuza kuti mbali inayo ya chimanga iyang'ane kugalasi.